Mwana wanga akufuna za makompyuta, ndimuitanitse ku Joni kuno?

Mayi a Yamikani (Randburg): Moni nonse a pagulu pano. Pepani ndalowetsa nkhani ina pakati pa za zopereka za maliro. Ndili ndi mnyamata wanga woyamba kumudzi ku Ntcheu, amakhala ndi agogo ake. MSCE analemba chaka chatha, anapeza mapointi 14, masamu anakhoza 3. Mutu wake wonse uli pa za makompyuta, akuti computer science. Foni ikavuta pa Kampepuza ponse amathamangira kwa iye. Ine ndimagwira ya m'nyumba kuno, chino ndi chaka cha 9, ndiye ndimalingalira zomuitanitsa adzaphunzirire konkuno poti masukulu a kuno ndi apamwamba. Amene mukudziwa, ndiyambire pati? Musandiseke, ine sukulu ndinalekezera Fomu 2.

Che Jafali (Mayfair): Mama, mwana wodziwa kale mafoni mukumutayiranji ndalama ku yunivesite? Mubweretseni kushopu kwathu ku Fordsburg, miyezi 6 azidzasintha sikirini ali chitsinzire.

A Mbewe (Turffontein): Che Jafali mwayambatu kkkk. Mayiwa afunsa za sukulu. Tadala ndi a Gondwe muli pafupi? Iyi ndi yanu.

Tadala (Brixton): Ndilipo, ankolo. Moni amayi. Ine ndili chaka chachitatu cha maphunziro omwewo, ndiye ndikuuzani mmene ndazionera. Choyamba ndikukhumudwitseni pang'ono: chiyambireni sukuluyi sindinatsegulepo foni kapena kompyuta ndi sikuludiraiva ngakhale tsiku limodzi. Foni yanga ikathyoka nanenso ndimapita kwa a Jafali omwewo. Anthu kumudzi akamva kuti ukuphunzira za makompyuta amakutumizira laputopu yakufa kuti uidzutse, ukalephera amvekere sukulu yakeyo ndi yotani. Zomwe timaphunzira ndi kuganiza njira yothetsera vuto, kuilemba mwa ndondomeko yoti makina atsatire, kenako kutsimikiza ndi masamu kuti njirayo ndi yolondola ndiponso siidya nthawi. Chaka choyamba theka la sabata limathera pa masamu, calculus ndi algebra, kuonjezapo masamu ena otchedwa discrete omwe ku sekondale sitinawaonepo. Ndiye funso langa kwa inu ndi ili: masamu anakhoza 3 ajawo, amawakonda kapena anangolimbikira kuti adutse?

Mayi a Yamikani (Randburg): Iii mwanawe, ndiye kuti zokonza mafonizo sizikugwirizana nazo? Za masamuzo ndimufunsa. Ndimangodziwa kuti ndi amene amawerengetsera agogo ake za feteleza.

Tadala (Brixton): Sizotayika ayi amayi, zikusonyeza kuti ali ndi chidwi komanso saopa kugwira chinthu chimene sakuchidziwa. Kungoti pakhomo polowera amayang'ana masamu.

Bambo Gondwe (Midrand): Tadala wanena zoona, koma tisanafike ku masamu tiyambe ndi mapepala, chifukwa ambiri amagwera pamenepo asanaone n'komwe chitseko cha kalasi. Mayi, satifiketi ya kunja siilowa yokha ku yunivesite za kuno. Pali bungwe la Universities South Africa, lili ndi nthambi yotchedwa Matriculation Board, ndiyo imapereka chikalata chovomereza kuti maphunziro a mwanayo akufanana ndi matric, mayeso omaliza sekondale a kuno, yolowera digiri. MSCE amaiwerengera pa mlingo wa O-Level, ndiye payokha imaperewera. Amafuna pamwamba pake pakhale A-Level kapena AS za Cambridge, kapena dipuloma yomwe a SAQA, bungwe la kuno loyesa mapepala a sukulu, aiyesa n'kuivomereza. Mapointi 14 kumudzi ndi mwana wanzeru, palibe angatsutse, koma kuno afunsa zimenezo.

Chachiwiri ndi viza. Ife Amalawi timalowa kuno ndi masiku 30 a mlendo, ndipo malamulo a chiyambire 2014 salola kusintha kuchoka pa mlendo kupita pa viza ya sukulu uli mkati muno. Mwanayo ayenera kufunsira ali kumudzi, atanyamula kalata yoti sukulu yamutenga, kalata ya kupolisi, umboni woti ndalama zilipo, ndi medical aid yolembetsedwa kuno ku South Africa. Asakunamizeni munthu kuti ingomukwezani basi zinazo tidzakonzera pa Park Station. Amene amatero ndi amene amadya ndalama za anthu.

NaNgozo (Cosmo City): A Gondwe, nanga si amati ife a SADC timalipira mofanana ndi eni dziko?

Bambo Gondwe (Midrand): Eya, ndipo pangano lake linasainidwira kwathu komwe, ku Blantyre mu 1997, la SADC la za maphunziro. Fizi yeniyeni imakhala ngati ya eni dziko, koma pamwamba pake amaikapo ndalama ina ya ophunzira akunja, ndipo gawo lalikulu la fizi amafuna ulipiriretu usanalembetse. Mwana wa kuno ali ndi NSFAS, thumba la boma la ophunzira, yomuthandiza, wathu alibe. Digiri ya BSc pa yunivesite ya Wits kapena ya UJ muziyembekeza kupitirira R50,000 pa chaka, fizi yokhayo, osawerengera pogona, chakudya, thiransipoti ndi laputopu. Tsono malipiro otsikitsitsa a boma mu Malichi 2025 anali R28.79 pa ola. Munthu wogwira maola 45 pa sabata ankatola cha m'ma R5,600 pa mwezi. Sindikudziwa mabwana anu amakupatsani zingati, mayi, koma muwerengetse nokha muli phee.

Mayi a Yamikani (Randburg): Ndawerengetsa kale pomwe mumalembapo. Mtima wagwa.

NaNgozo (Cosmo City): Limbani mtima achemwali, nkhani sinathe.

Fatsani (Yeoville): Amayi, ndilowepo ine amene zinandiwotcha. Bola mtima ugwe lero kusiyana n'kudzagwa mutagulitsa munda. Ine ndinabwera mwa dongosolo, mapepala onse ali bwino, malume anga ndi amene ankalipira. Sukulu yake sinditchula. Kumudzi ndinali dolo, ndinali nditapanga kale mawebusaiti awiri a matchalitchi, ndiye ndinkadziona ngati ndabwera kudzangotenga pepala. Miyezi iwiri yoyamba ya programming ndinkagona m'kalasi chifukwa zonse ndinkazidziwa. Masamu ndinkati ndidzawaona mayeso akayandikira. Tesiti yoyamba ya calculus ndinapeza 23. Ndinati ndi ngozi chabe. Yachiwiri 31. Kuno kuli lamulo loti malikisi a m'kati mwa chaka akapanda kukwana, mayeso omaliza sakulola n'kulemba komwe. Dzina langa silinatuluke pa mndandanda wa olemba.

Chomwe sindinkadziwa n'chakuti maphunziro amenewa ndi omangirirana ngati njerwa. Ukagwa masamu a chaka choyamba, za chaka chachiwiri zambiri zimakutsekera, ngakhale programming utakhoza bwanji. Ndinabwereza, apo n'kuti malume ntchito itawathera, ine ndikugwira ganyu yoperekera zakudya pa lesitilanti ina ku Melville mpaka 11 usiku. Viza ya sukulu imalola maola 20 pa sabata, koma lendi siidziwa zimenezo. Ndinagwanso, anandichotsa. Kwathu timati kuwidedwa. Miyezi 4 ndinkanama kwa mayi anga pa foni kuti sukulu ikuyenda, ndikudzuka m'mawa n'kumakakhala ku laibulale kuti anzanga ogona nawo asadziwe. Pano ndikupanga pang'onopang'ono ndi UNISA, yunivesite yophunzira uli kunyumba, maphunziro awiri atatu pa semesita, ndipo masamu aja ndinawakhoza pa ulendo wachitatu, nditavomera kukhala pansi tsiku lililonse ngati mwana wa Sitandade 1.

A Mbewe (Turffontein): Fatsani, wachita bwino kuulula. Ambiri amabisa.

Che Jafali (Mayfair): Mwaonatu? Ine 23 sindinapezepo chiyambire.

NaNgozo (Cosmo City): Chifukwa simunalembepo, Che kkkkk

Limbani (Randburg): Ine ndinena zosiyana ndi akuluakulu, mundikhululukire. Digiri ya makompyuta masiku ano ndi kutaya nthawi. Ine ndinaphunzira ndekha pa YouTube, pano ndimapangira anthu mawebusaiti ndi maapu, ndimadya. Komanso chibwerereni ChatGPT kumapeto kwa 2022, code akulemba ndi makina. Mwanayo mugulireni laputopu ndi bandulo basi, zaka 3 zomwe akanakhala pa benchi akhala atapanga kale ndalama.

Tadala (Brixton): Achimwene a Limbani, zoti munthu atha kuphunzira yekha n'kumadya sindikutsutsa, ndikudziwa anthu otero ndipo ena amandiposa kulemba maapu. Koma tiyeni ndionetse chomwe timalipirira fizi, kuti amayi aone ndi maso m'malo momangomva mawu akuluakulu.

Ndaganiza nambala pakati pa 1 ndi 1,000. Inu muzitchula, ine ndizingoyankha kuti kwerani kapena tsikani. Wosaganiza ayamba 1, 2, 3, ndipo tsoka likamugwera atchula ka 1,000. Woganiza atchula 500. Ndikati tsikani, manambala 500 afera pomwepo. Atchula 250, kenako 125, ulendo uliwonse akudula pakati. Pofika ka 10 waipeza, zivute zitani. Tsono chokoma chili apa: manambala akakhala 1 miliyoni, maulendo ake ndi 20 okha. Mayina a Amalawi onse a kalembera wa 2018, anthu 17.5 miliyoni aja, atandandalikidwa mwa alifabeti, dzina la agogo a Yamikani mulipeza pa maulendo 25.

Nanga kuwandandalika mayinawo? Pali njira yomwe aliyense amaiganiza poyamba, yofanizira dzina lililonse ndi linzake. Pa mayina 50 a m'kaundula wa gulu lathu lino imagwira bwinobwino, simungaone vuto. Muipatse mayina 1 miliyoni, ifanizira maulendo pafupifupi 500 biliyoni. Njira ina, yogawa mulu pakati, kukonza mbali iliyonse payokha n'kuphatikiza, imathera cha m'ma 20 miliyoni. Mapulogalamu onse awiri ndi olondola, onse atulutsa yankho limodzi, koma ina ithera pomwe mukuphethira, inayo mupita kukaphika nsima, kudya, kutsuka mbale, ikadalimbana nazo. ChatGPT ikulemberani iliyonse mwa ziwirizi mokondwa. Woti adziwe kuti apa yandipatsa yochedwayo ndi ndani?

Limbani (Randburg): Zimenezo zilinso pa YouTube, mlongo.

Tadala (Brixton): Zilipo, sindikana. Koma pa YouTube palibe amakukakamiza kuonera zomwe sizikukusangalatsa. Ine pandekha sindikanakhala pansi kuphunzira kutsimikiza zinthu mwa induction, njira ya masamu yokwera sitepe ndi sitepe, ndinkadana nazo ngati mankhwala a malungo. Pano ndi zomwe zimandithandiza kumvetsa recursion, pomwe pulogalamu imadziitana yokha.

Bambo Gondwe (Midrand): Limbani, ndiwe mnyamata wolimbikira ndipo ndimakulemekeza, koma pali mbali ina yomwe sunaitchule. Mwana wa kuno atha kulowa ntchito opanda digiri, bwana akangoona kuti amatha. Iwe ndi ine ndife alendo. Pa viza ya critical skills a Home Affairs amafuna pepala loyesedwa ndi SAQA. Ntchito zomwe ukugwirazo ndi za munthu ndi munthu, akulipira pamanja. Kampani yaikulu ya ku Sandton singakulembe popanda pemiti, ngakhale utakhala katswiri wotani. Ine ndakhalapo pa mpando wofunsa anthu ofuna ntchito. Sitifunsa kuti umadziwa zilankhulo zingati. Timakupatsa cholembera ndi bolodi, tikuuze vuto, tione mmene ukuganizira. Zilankhulo zimasintha. Ine ku Chanco ndinayamba ndi zina zomwe lero palibe akuzigwiritsa ntchito, Python ndinadzaiphunzira ndili kale pa ntchito, sabata zochepa. Koma njira ya Dijkstra yopezera msewu wachidule, ya mu 1959, ikuphunzitsidwabe mpaka lero, ndipo maganizo ake ndi omwe ali pansi pa mapu a mufoni akamakulozerani podutsa kuchoka ku Bree kupita ku Cosmo City. Alan Turing anasonyeza mu 1936 kuti pali mafunso ena omwe kompyuta iliyonse singathe kuwayankha, apo n'kuti makompyuta enieniwo asanapangidwe. Zoterezo sizikalamba.

Limbani (Randburg): Za pemitizo mwandigwira pakhosi, madala. Koma ndikuumirirabe kuti ana ambiri otuluka ku yunivesite satha kupanga chinthu chogwira ntchito. Wina ndinamupatsa ganyu, Git, chida chosungira zosintha za code, samaidziwa.

Bambo Gondwe (Midrand): Pamenepo ndiye sindikutsutsa ngakhale pang'ono. Alipo ambiri. Yunivesite siikuphunzitsa zonse za kuntchito, ndipo wongodalira za m'kalasi amatuluka ndi mutu wodzaza manja ali lende.

Che Jafali (Mayfair): Manja ali kuno ku Fordsburg, ndanena kale.

NaNgozo (Cosmo City): Ndilowetseko yanga pomwe akatswiri muli pamodzi. Wanga wamkazi ali Grade 9 konkuno, abweretsa fomu yosankha maphunziro a Grade 10. Aphunzitsi akuti atenge Maths Literacy chifukwa ndi yosavuta, akhoza bwino matric. Nayenso amakamba za makompyuta zomwezi. Ndisaine?

Tadala (Brixton): Anti musasaine!! Chonde. Maths Literacy ku BSc ya computer science saiwerengera, ngakhale atapeza 95. Amafuna Mathematics yeniyeni, ndipo malikisi ake akhale okwera, kungodutsa sikukwanira. Masukulu ena amakankhira ana ku Maths Lit kuti chiwerengero cha okhoza chioneke bwino, mwana n'kudzazindikira ali Grade 12 kuti chitseko chinatsekedwa ali ndi zaka 15. Ngati masamu akumuvuta bola mumupezere womuthandiza Loweruka. Phunziro la IT ngati lilipo pasukulupo atenge, koma si lokakamiza, ambiri m'kalasi mwathu anayamba programming atafika kale ku yunivesite. CAT ndi yophunzira Word ndi Excel, isakusokonezeni.

NaNgozo (Cosmo City): Mayo ine, cholembera chinali kale m'manja. Safunsa anadya phula ndithu. Nanga kwa mtsikana zimakhala bwanji kumeneko? Bambo ake akuti ndi za anyamata.

Tadala (Brixton): Tilipo ochepa, zoona. Tsiku loyamba mu labu mnyamata wina anandifunsa ngati ndasochera. Pa ntchito za m'magulu amakonda kukupatsa zolemba lipoti iwo atenge code, ndiye umayenera kukana poyambirira pomwe. Mnyamata uja anasintha kosi chaka chisanathe, ine ndikadalipo. Bambo akewo muwauze abwere adzandione.

A Mbewe (Turffontein): Kkkkk Tadala usatiopsezere azibambo.

Mayi a Yamikani (Randburg): Tadala mwanawe, tandiuzako za tsiku ndi tsiku. Umakhala bwanji, zimafuna chiyani? Ndikufuna ndikamuuze zoona zokhazokha.

Tadala (Brixton): Chabwino amayi. Chaka chimayamba mu Febuluwale, kutha mu Novembala, ndipo mafomu amatsekedwa chaka chinacho chisanathe, ndiye zonse zimayambika msanga. Digiri ndi zaka 3, ukafuna Honours uwonjezera chimodzi. Chaka choyamba ndi programming, mmene kompyuta imagwirira ntchito mkati mwake, ndi masamu aja. Chachiwiri ndiye chimasefa anthu: data structures, algorithms, databases, networks. Chachitatu muli operating systems ndi pulojekiti yaikulu ya pagulu.

Chomwe chimadya munthu ndi ma assignment. Ambiri amachongedwa ndi makina. Umatumiza pulogalamu yako, makinawo amaiyesa ndi mafunso obisika, n'kukubwezera malikisi pomwepo, opanda chisoni. Sindidzaiwala usiku wina chaka choyamba, mu 2023 muja magetsi ankazima mpaka stage 6. Ntchito inali yoti ifike isanakwane 12 usiku. Kwathu magetsi anazima 8 koloko, batire ya laputopu yanga yakale imangokhala mphindi 40. Ndinathamangira ku labu ya kusukulu. Pulogalamu ikugwira bwinobwino ndikaiyesa ndekha, koma ndikatumiza, 0. Kutumizanso, 0. Ndinasintha zonse, ndinalira, ndinapemphera, mlonda mpaka anabwera kudzandifunsa ngati kwagwa zovuta kumudzi. Itakwana 11:40 mnzanga wa ku Limpopo anasuzumira pa sikirini yanga, amvekere, pamapeto pa mzerewu waika mpata. Kampata kamodzi, kosaoneka ndi maso, pambuyo pa nambala yomaliza. Nditakachotsa, 100. Maola atatu ndi theka anathera pa kanthu kopanda kanthu. Usiku umenewo ndinagona pa mipando ya mu labu chifukwa kuyenda wekha nthawi imeneyo kuno mukudziwa.

Ndiye munthu wake akhale woti chinthu chikamukanika sataya, amabwererapo. Laputopu siifunika yodula, yogwiritsidwapo kale ya 8GB imakwana, bola batire. Ndipo asamakopere code ya mnzake. Pali mapulogalamu ofanizira ntchito za kalasi yonse, ngakhale usinthe mayina a zinthu amakugwira. Awiri a m'kalasi mwathu anaitanidwa ku bwalo la chilango. Mayeso enieni timalembera mu labu intaneti atatseka, ena papepala, ndiye amene ankadalira ChatGPT chaka chonse amaonekera pamenepo.

Fatsani (Yeoville): Za kampatazo zandikumbutsa segmentation fault yanga yoyamba mu C++, pulogalamu kumangofera panjira. Masiku awiri. Ndinkawerenga kuyambira 1 pomwe kompyuta imayambira 0.

Che Jafali (Mayfair): Kuwerenga kuyambira 0? Ndiye mwana woyamba wa mayiwa ndi mwana nambala 0?

Fatsani (Yeoville): Mwakhoza, Che. Bwerani mudzalembetse.

Bambo Gondwe (Midrand): Mayi, tsopano ndinene maganizo anga, mutenge kapena mutaye. Mwanayo ayambire kumudzi. Ndi mapointi 14 ndi masamu 3 ali ndi mwayi wopikisana nawo pa chisankho cha NCHE cholowera mayunivesite a boma. Za makompyuta zili ku UNIMA ku Zomba, ku MUBAS yomwe tinkaitcha Poly isanaime payokha mu 2021, ku MUST ku Thyolo, ndi ku Mzuni. Kumeneko MSCE yake ikulowa mwachindunji, digiri ndi zaka 4, ndipo atha kufunsira ngongole ya boma ya ophunzira. Randi yanu mukaitumiza kumudzi imatambasuka, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe kuno yomweyo ithera lendi ya kachipinda ku Braamfontein. Mavuto aliko, sindibisa: intaneti yodula, magetsi, makalasi odzaza, nthawi zina kalendala kusokonekera. Koma binary search, njira yodula pakati ija, ya ku Zomba ndi yomweyo ya ku Braamfontein. Ine ndinadzera njira imeneyo, ndinabwera kuno ndili ndi digiri kale, a SAQA anaiyesa, ndinapitiriza maphunziro apamwamba. Pa mlingo umenewo mpamene thandizo la ndalama kwa alendo limayamba kuonekako, ndiponso mpamene Joni amakoma: Deep Learning Indaba yoyamba, msonkhano wa akatswiri a AI, inachitikira pa Wits mu 2017, labu ya kafukufuku ya IBM inatsegulidwa mu 2016 ku Tshimologong mu Braamfontein momwemu. Zimenezo adzazipeza, sizithawa.

Limbani (Randburg): Apa ndiye tagwirizana, madala, bola laputopu ndi bandulo zikhalepo kuyambira pano. Asadikire chisankho ali manja m'thumba. Python ndi yaulere.

Tadala (Brixton): Ine pang'ono ndisiyane ndi a Gondwe. Kukhala kuno uli chaka chachiwiri kuli ndi phindu lake, makampani amabwera pasukulu pomwe kudzasaka ana, ntchito za pa holide zimapezeka pafupi. Ndikanakhala ndi mwana ndalama zilipo ndikanamubweretsa. Koma ine ndinadzera A-Level, ndipo amandilipirira ndi anthu awiri, bambo anga ndi azakhali a ku Polokwane, komabe chaka chatha zotsatira zanga anazitsekera mpaka Malichi chifukwa cha ngongole. Pa thumba la munthu mmodzi sindingakulimbikitseni.

Mayi a Yamikani (Randburg): Ndamva nonse, Mulungu akudalitseni. Kunena zoona chinanso chimene ndimafunira n'choti akhale pafupi nane. Ndinamusiya ali ndi zaka 10, pano ndi bambo wandevu, ndimangomuonera pa foni. Koma ndisamuphere tsogolo chifukwa cha chifundo changa.

NaNgozo (Cosmo City): Achemwali mwandiliza. Tonse tili momwemo.

A Mbewe (Turffontein): Mayi, pa holide azibwera ndi masiku 30 akewo, mudzamudyetse pap ndi wors anenepe.

Tadala (Brixton): Amayi, mutumizireni kafunso aka, tione ngati zimamukoma. Asafufuze pa intaneti. Pali matumba 9 a mtedza ofanana ndendende, koma limodzi ndi lopepukirapo pang'ono. Muli ndi sikelo ya mbale ziwiri ija ya pamsika, yopanda miyala yake. Mulipeza bwanji thumba lopepukalo poyeza kawiri kokha?

Che Jafali (Mayfair): Ine ndingonyamula ndi manja, ndinakulira pa geni ya mtedza ku Mangochi.

A Mbewe (Turffontein): Anayi uku anayi uku, lotsalalo pambali. Zikafanana ndi lotsalalo.

Fatsani (Yeoville): Zikapanda kufanana, ankolo? Mwatsala ndi anayi, kuyeza kwatsala kamodzi.

A Mbewe (Turffontein): Aaa. Ndiye ayankhe mwini wake, ine ndikuwerengetsa za maliro.

Mayi a Yamikani (Randburg): Ndatumiza. Netiweki kumeneko mpaka akwere pachulu, ndiye tidikire.

Mayi a Yamikani (Randburg): Mwadzuka bwanji nonse. Wayankha usiku, ndangokopera mmene walembera: "Moni akuluakulu nonse. Ndigawa matumba atatu atatu. Ndiika atatu mbale iyi, atatu mbale iyo, atatu pansi. Mbale ikakwera, lopepuka lili mmenemo. Zikafanana lili pa apansi aja. Pa atatu otsalawo ndiika limodzi uku limodzi uku, lina pansi, chimodzimodzi. Ndaonanso kuti atakhala 27 ndiyeza katatu, 81 kanayi. Koma achemwali a Tadala, nanga atakhala kuti sitikudziwa ngati thumbalo ndi lopepuka kapena lolemera, bola ndi losiyana? Ndayesa pa matumba 12 mpaka tochi yatha moto, kanayi ndikutha koma ndikuona ngati katatu n'kotheka." Ndiye wakhoza kapena walakwa? Ine sindikumvapo kanthu.

Tadala (Brixton): Amayi!!! Wakhoza, ndipo za 27 ndi 81 sindinamufunse n'komwe. Funso lakelo katatu n'kothekadi, koma musamuuze njira, ine linanditengera sabata. Ndipatseni nambala yake ku inbox, ndili ndi manotsi a chaka choyamba ndimutumizire pang'onopang'ono molingana ndi bandulo.

Bambo Gondwe (Midrand): Kuofesi kwathu akusintha malaputopu mwezi wamawa, akale amatigulitsa motchipa. Ndiyang'ana ya batire yabwino. A Mbewe, ndani akupita kumudzi chakumapeto kwa mwezi woti angadutsire pa Ntcheu?

A Mbewe (Turffontein): Ndifunsa madalaivala a mabasi. Koma ikakulungidwe bwino, ya mlamu wanga inafika pa Dedza sikirini itasweka.

Che Jafali (Mayfair): Ikasweka mwanayo asintha yekha, si paja ndi wa mafoni. Ine sikirini ndipereka. Koma a Gondwe, matumba 12 aja, poyamba tiika angati mbale imodzi? Ndafunsira mnzanga.